Mbiri ya Ntchito Yosamutsa Mapulogalamu: Kumene Array Inakumana ndi Tuple

Ntchito yosamutsa mapulogalamu a kompyuta, kutanthauza kulembanso pulogalamu yomwe ilipo kale kuti igwire ntchito m'chinenero china kapena pa makina ena, ndi yakale pafupifupi ngati zinenero za kompyuta zenizenizo, popeza pulogalamu yabwino imakhalitsa kuposa makina amene inalembedwera ndiponso kuposa chinenero chimene chinali chotchuka pa nthawi imene inkalembedwa. Mwa zinthu zimene zasautsa amisiri a ntchitoyi pali chimodzi chooneka chaching'ono, chomwe ndi kuika tuple m'kati mwa array, koma mbiri yake imaonetsa bwino chimene wosamutsa amanyamula kwenikweni. Array ndi mndandanda wa zipinda zotsatizana m'memori ya kompyuta, chipinda chilichonse chokhala ndi nambala yake, ndipo mwa chikhalidwe chake zipinda zonsezo zimasunga zinthu za mtundu umodzi, monga katenthedwe ka tsiku lililonse m'mwezi wathunthu. Tuple ndi kagulu ka zinthu zochepa zimene chiwerengero chake sichisintha ngakhale mitundu yake ikhoza kusiyana, monga dzina la mzinda pamodzi ndi chiwerengero cha anthu ake, ndipo tanthauzo la chinthu chilichonse limachokera pa malo amene chakhala m'kaguluko. Wolemba pulogalamu akaika kagulu ka zinthu ziwiri kumapeto kwa mndandanda, chinenero chimayenera kugamula ngati chalandira chinthu chimodzi kapena ziwiri, ndipo zinenero zinagamula mosiyana pa zifukwa zimene zimamveka pokhapokha munthu atadziwa kumene array ndi tuple zinachokera.

Array ndiyo inayamba, ndipo inabadwira m'masamu a sayansi ndi uinjiniya. Chinenero cha Fortran, chimene gulu lotsogoleredwa ndi John Backus linakonza ku kampani ya IBM n'kuchitulutsa mu 1957 pa kompyuta ya IBM 704, chinkalola wolemba kulengeza array ya mbali imodzi, ziwiri kapena zitatu kudzera m'lamulo la DIMENSION, koma kukula kwake kunkayenera kudziwika pulogalamu isanayambe kuyenda, motero kuonjezera chinthu kumapeto kwa array kunalibe tanthauzo. Wolemba ankasungitsa zipinda zochuluka kuposa zimene ankayembekezera kuzifuna, n'kumawerengera yekha zimene zadzaza. Fortran inakhazikitsanso miyambo iwiri imene inadzavutitsa osamutsa kwa zaka zambiri, woyamba woti kuwerenga zipinda kumayambira pa 1 monga mmene akatswiri a masamu amachitira, ndipo wachiwiri woti tebulo la manambala limayalidwa m'memori motsatira mizere yotsika osati yopingasa. Tuple munalibe, kotero munthu wofuna kusunga malo a pa mapu, aliwonse okhala ndi manambala awiri, ankalengeza ma array awiri oyendera limodzi, wina wa X ndi wina wa Y. Mgwirizano wa chipinda chachisanu cha X ndi chipinda chachisanu cha Y unkakhala m'mutu mwa wolemba yekha, ndipo compiler, yomwe ndi pulogalamu yosandutsa zolemba za munthu kukhala malamulo amene makina amamva, sinkaudziwa n'komwe. Fortran inadzapeza njira yomangira zinthu zosiyana mitundu pamodzi mu Fortran 90, patapita zaka zoposa 30, ndipo n'chifukwa chake wosamutsa pulogalamu yakale ya sayansi amayamba ndi ntchito imene siinalembedwe paliponse, yofufuza kuti ndi ma array ati amene ali mbali za chinthu chimodzi.

Ganizo lomanga zinthu zosiyana pamodzi linadzera njira ziwiri zina. Njira yoyamba inali ya maofesi a malipiro ndi a inshuwalansi, kumene khadi lobooledwa la mizere 80 linkanyamula dzina la wantchito, nambala yake ndi malipiro ake, ndipo chinenero cha COBOL, chimene chinakonzedwa mu 1959 chitatengera zambiri ku FLOW-MATIC ya Grace Hopper, chinasandutsa khadilo kukhala rekodi, kagulu kamene gawo lake lililonse lili ndi dzina. Njira yachiwiri inali ya masamu, kumene Kazimierz Kuratowski anapereka mu 1921 tanthauzo lodziwika bwino la zinthu ziwiri zokhala ndi choyamba ndi chachiwiri, ndipo kumeneko magawo alibe mayina, ali ndi malo okha. John McCarthy atayamba chinenero cha Lisp ku MIT mu 1958 anamanga mindandanda yake yonse pa timagulu ta zinthu ziwiriziwiri tolumikizana, pamene Edgar Codd mu 1970 anatcha mzere uliwonse wa tebulo la database kuti tuple. Komabe chimene chinasiya chizindikiro chachikulu pa nkhaniyi ndi chinenero cha ML, chimene Robin Milner ndi anzake anakonza ku yunivesite ya Edinburgh m'zaka za m'ma 1970. Mu ML, function, yomwe ndi kachigawo ka pulogalamu kolandira zinthu n'kubweza yankho, imalandira chinthu chimodzi chokha, ndipo ikaoneka ngati yalandira ziwiri m'mabulaketi ozungulira ndiye kuti yalandira tuple imodzi ya magawo awiri. Ganizoli ndi laudongo ndipo mu ML limagwira ntchito popanda chosokoneza, koma zinenero zimene zinadzatengera kalembedwe ka mabulaketi ozungulira popanda kutenga lamulo lonselo zinadzipatsa chisokonezo chimene chinadzaonekera patsogolo.

Kufunika kwa kagulu kotereka pa ntchito yosamutsa kunaoneka poyera ku Bell Labs. Tony Hoare anali atalongosola kagwiritsidwe ntchito ka marekodi cha pakati pa zaka za m'ma 1960, ndipo Niklaus Wirth anawaika mu ALGOL W mu 1966 ndiponso mu Pascal mu 1970, koma chinenero cha C chimene Dennis Ritchie ankakonza ku Bell Labs poyamba chinalibe marekodi. Ken Thompson anayesa mu 1972 kulembanso Unix, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, m'chinenero chatsopanocho n'kusiyira panjira, ndipo ntchitoyo inatheka mu 1973 C itapatsidwa struct, yomwe ndi rekodi yake, chifukwa mtima wa Unix uli ndi matebulo a mafayilo ndi a mapulogalamu oyenda, ndipo tebulo lililonse ndi array ya timagulu ta zinthu zosiyana. Kuchokera pamenepo Unix inasamuka mosavuta, mpaka mu 1977 inayenda pa makina a Interdata ku yunivesite ya Wollongong ku Australia. Brian Kernighan anakumana ndi mbali ina ya vutoli pamene ankasamutsira mapulogalamu a m'buku la Software Tools la 1976 m'chinenero cha Pascal, chifukwa mu Pascal yoyambirira kukula kwa array kunali mbali ya mtundu wake, kotero function yosanja array ya zipinda 10 sinkatha kusanja array ya zipinda 20. Madandaulo amene anawalemba mu 1981 amawerengedwabe mpaka pano, makamaka chifukwa anachokera kwa munthu amene anagwira ntchito yosamutsayo ndi manja ake.

C inagamula mosemphana ndi Fortran pa miyambo iwiri ija, popeza inayamba kuwerenga zipinda pa 0, nambalayo ikutanthauza mtunda kuchokera pa adiresi yoyamba, ndipo inayala matebulo motsatira mizere yopingasa. Edsger Dijkstra analemba mu 1982 kufotokoza chifukwa chake kuyambira pa 0 kuli koyenera, koma mfundo zake sizinachepetse ntchito ya anthu amene anali ndi mapulogalamu a Fortran oyesedwa kwa zaka zambiri. Olemba buku la Numerical Recipes, limene linatuluka koyamba mu 1986, atalikonzanso m'chinenero cha C mu 1988 anasankha kubwezera adiresi ya array m'mbuyo ndi chipinda chimodzi kuti kuwerenga kuziyambirabe pa 1, njira imene inkayenda pa makina ambiri ngakhale malamulo a C sailola. Pulogalamu ya f2c, imene Stuart Feldman ndi anzake anatulutsa mu 1990 kuti izisandutsa yokha Fortran 77 kukhala C, inachita chimodzimodzi ndipo inasunga kayalidwe ka mizere yotsika, ndipo ndi iyo imene inagwiritsidwa ntchito posandutsa LAPACK, nkhokwe yotchuka ya masamu a matrix, omwe ndi matebulo a manambala, kukhala CLAPACK. Zimene f2c imatulutsa zimapereka mayankho olondola koma n'zovuta kuziwerenga, ndipo apa panaonekera kugawanika kumene kudakalipobe pakati pa amisiri, ena okonda kusunga khalidwe la pulogalamu mzere ndi mzere, ena okonda kuilembanso m'njira imene eni chinenero chatsopanocho angaizindikire. Cholakwika cha kayalidwe ka mizere n'choopsa mwapadera chifukwa sichifuula. Matrix imatuluka yotembenuzika, ndipo ngati wosamutsa anayesa ntchito yake ndi matrix yofanana mbali zonse ziwiri, mayeso onse amapambana pamene pulogalamuyo ndi yolakwika.

Funso la chinthu chimodzi kapena ziwiri linakula pamene ma array anayamba kukula okha pulogalamu ili m'kati moyenda. Njira imene inafala ndi yosungitsa malo oposa ofunika ndiponso kuchulukitsa malowo, mwachitsanzo kawiri, nthawi iliyonse akadzaza, kotero kuti kukopera zinthu kumalo atsopano kumachitika mwa apo ndi apo ndipo mtengo wake ukagawidwa pa zoonjezera zonse umakhala wochepa, kawerengedwe kamene Robert Tarjan anakalongosola mu 1985. Chinenero cha Perl, chimene Larry Wall anatulutsa mu 1987, chinali ndi lamulo la push loonjezera kumapeto, koma mindandanda ya Perl imamasuka yokha ikalowa mumndandanda wina, kotero kagulu ka zinthu ziwiri ka m'mabulaketi ozungulira kamalowa ngati zinthu ziwiri zosiyana. Mpaka Perl 4 kunalibe njira yolunjika yoikira mndandanda m'kati mwa unzake, ndipo olemba ankalumikiza magawowo kukhala mawu amodzi okhala ndi chizindikiro pakati, n'kudzawadulanso powerenga. Perl 5 ya 1994 inabweretsa reference, yomwe ndi chinthu chimodzi choloza kumene kaguluko kasungidwa, ndipo kuyambira pamenepo kusiyana kwa mabulaketi ozungulira ndi mabulaketi a ngodya ndiko kunkagamula ngati array yakula ndi chipinda chimodzi kapena ziwiri.

Python ndiyo inafalitsa tuple pakati pa olemba mapulogalamu wamba, ndipo mbiri yake pa mfundoyi ndi yophunzitsa kwambiri. Guido van Rossum anayamba kuikonza kumapeto kwa 1989 ku CWI mumzinda wa Amsterdam, kumene anali atagwirapo ntchito pa chinenero cha ABC, ndipo anaitulutsa mu February 1991 ili ndi zinthu ziwiri zosiyana: list, yomwe ndi array yotha kukula ndi kusintha, ndi tuple, yomwe ikapangidwa sisinthikanso. M'zaka zoyambirira, mpaka Python 1.5.2, munthu akalemba L.append(1, 2) chinenerocho chinkamanga manambala awiriwo kukhala tuple imodzi n'kuiika kumapeto kwa list, ngakhale malangizo olembedwa ankanena kuti append imalandira chinthu chimodzi. Chizolowezichi chinafalikira m'mapulogalamu ambiri, ndipo pamene Python 2.0 inatuluka mu October 2000 itachiletsa, okonza chinenerocho anachenjeza okha kuti mwina ndiko kusintha kumene kudzaononge mapulogalamu ochuluka kuposa kwina kulikonse, popeza aliyense ankayenera kuonjezera mabulaketi achiwiri n'kulemba L.append((1, 2)). Chigamulocho chinali choyenera ngakhale chinapweteka, chifukwa pulogalamu imene yaima n'kunena mzere wolakwika imataya mphindi zochepa za wolemba, pamene pulogalamu yolota cholinga cha munthu imamuzoloweza kalembedwe kamene kadzatanthauza china m'chinenero chotsatira.

Komabe Python sinathetse chisokonezo chonse. Lamulo la append limaika tuple yathunthu monga mmene munthu amaikira mtolo wa nkhuni pa mulu osaumasula, pamene extend limadula luzi n'kuika nkhuni imodziimodzi, ndipo chizindikiro cha += chimene chinabwera mu Python 2.0 yomweyo chimatsatira extend, kotero list yopanda kanthu ikalandira tuple ya manambala awiri kudzera mu += imakhala ndi zipinda ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti chizindikiro cha + chokha chimakana kuphatikiza list ndi tuple. Palinso mfundo yoti chimene chimapanga tuple mu Python ndi chizindikiro cha koma (,) osati mabulaketi, motero nambala imodzi ya m'mabulaketi ndi nambala chabe mpaka italandira chizindikirocho pambuyo pake. Wosamutsa pulogalamu kuchokera ku Perl, amene anazolowera kuti push imamasula mtolo, akalemba append amapeza mndandanda wofupika theka, ndipo wochoka ku Python kupita ku Perl amapeza wotalika kawiri, popanda chenjezo lililonse pa mzere umene cholakwikacho chachitikira. Python 3.0 ya December 2008 inachotsanso mwayi woti function izimasula tuple pa mzere womwe yalengezedwera, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zinthu zimene zinkafunika kukonzedwa pa msamuko waukulu umene unatha pamene Python 2 inasiyidwa pa 1 January 2020.

Kuika tuple bwinobwino sikumaliza ntchito, chifukwa tuple imanyamula malonjezo amene saoneka pa mzerewo. Mu Python ma tuple awiri okhala ndi zinthu zofanana amaonedwa ofanana, ndipo popeza sasintha akhoza kukhala kiyi wa dictionary, tebulo limene munthu amapezeramo chinthu potchula kiyi wake. JavaScript, imene Brendan Eich analemba mu 1995, ilibe tuple, ndipo array yaing'ono imene imalowa m'malo mwake imayerekezedwa potengera malo amene ili m'memori, kotero ma array awiri okhala ndi manambala omwewo saonedwa ofanana. Pulogalamu yofufuza njira pa mapu imene imasunga malo amene yafikapo kale ikasamutsidwa mosaganizira ichi, siizindikira kuti yabwerera pamalo akale ndipo ikhoza kuzungulira osaima. Ganizo loonjezera marekodi ndi ma tuple mu JavaScript linakambidwa kwa zaka zingapo mu komiti ya TC39 yoyang'anira chinenerocho mpaka linachotsedwa mu 2025. Java nayonso ilibe tuple, ndipo osamutsa ankalemba kalasi yapadera ya kagulu kalikonse mpaka Java 16 ya 2021 inapeputsa ntchitoyo ndi marekodi; C++ inali ndi pair kuchokera m'nkhokwe ya STL ya Alexander Stepanov ndi Meng Lee ndipo inalandira tuple mu 2011, pamene C# inalandira yoyamba mu 2010 ndi ina yopepuka mu 2017. Ngakhale JSON, kalembedwe kamene mapulogalamu amatumizirana zinthu pa intaneti, imadziwa array yokha, motero tuple ya Python ikalembedwa mu JSON n'kuwerengedwanso imabwerera ili list, yosathanso kukhala kiyi.

M'masamu a sayansi, kumene nkhani yonseyi inayambira, mwambo wa Fortran sunathe. MATLAB, imene Cleve Moler anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kuti ophunzira ake azigwiritsa ntchito nkhokwe za Fortran mosavuta, imawerenga kuyambira pa 1 ndipo imayala mizere yotsika, monganso R ndi Julia, pamene NumPy ya Python, imene inafika pa 1.0 mu 2006 motsogoleredwa ndi Travis Oliphant, imayambira pa 0 ndipo mwachizolowezi imayala mizere yopingasa. Lamulo la append la NumPy limafanana dzina ndi la list koma limakopera array yonse nthawi iliyonse, kotero kuonjezera zinthu 100,000 chimodzichimodzi kumafuna kukopera zipinda pafupifupi mabiliyoni 5, ndipo likapanda kuuzidwa mbali yoonjezera limaphwasula tebulo kukhala mzere umodzi. Amisiri odziwa amasonkhanitsa ma tuple mu list wamba n'kuisandutsa array kamodzi kumapeto. NumPy imasiyanitsanso tuple ndi list posankha zipinda, chifukwa tuple ya 1 ndi 2 imaloza chipinda chimodzi cha pa mzere 1 ndi mzere wotsika 2, pamene list ya manambala omwewo imatenga mizere iwiri yathunthu.

Chinenero cha Swift, chimene kampani ya Apple inalengeza mu June 2014 chitakonzedwa motsogoleredwa ndi Chris Lattner, chinabwereza mbiri ya Python pafupifupi yonse m'zaka zochepa. Poyamba chinatsatira ganizo la ML loona zinthu zoperekedwa kwa function ngati tuple, pamene chinalinso ndi mayina a zoperekedwazo amene chinatengera ku Objective-C, ndipo kusakanikirana kumeneku kunachititsa kuti compiler nthawi zina ikane tuple yoikidwa mu array kudzera mu append ponena kuti pakusowa chinthu chachiwiri. Olemba ankalambalala vutoli poyamba apatsa tupleyo dzina, kapena poikulunga mu array ya chipinda chimodzi n'kuiphatikiza ndi +=. Chigamulo cha SE-0029, chimene chinalowa mu Swift 3 mu 2016, chinaletsa kuti tuple izimasuka yokha ikaperekedwa kwa function, koma pamene okonza anayesa kukhwimitsanso lamuloli mu Swift 4, madandaulo a olemba anawachititsa kubweza mbali ina ya kusinthako mu 2017. Tuple ya Swift siingakhale kiyi wa dictionary, motero wosamutsa kuchokera ku Python amayenera kuisandutsa struct ndi kupatsa magawo ake mayina, zomwe zimam'kakamiza kulemba poyera tanthauzo limene wolemba woyamba analisiya m'malo a magawowo. Ndipo pamene Swift ikuwerenga struct ya C yokhala ndi array ya kukula kokhazikika, imaiona ngati tuple, kotero array ya C ya zilembo 256, yonga imene imasunga dzina la makina pa macOS, imafika mu Swift ili tuple ya magawo 256 imene munthu sangaiyende ndi nambala ya chipinda pokhapokha atatenga adiresi yake m'memori n'kuiwerenga monga mmene C inkachitira.